Mano Makumi Anayi Kuchotsa Limodzi

Ndinaitsitsa mu minibasi pa Limbe
itafunda chitenje cha malemu make ana.
Kondakitala anandilipiritsa mpando wachiwiri:
"Madala, uyu si katundu, ndi munthu."
Sananame. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi
kompyutayi yatsokomola nane m'Zingwangwa,
tikulemba makalata a ofuna ntchito,
mapologalamu a ukwati, mbiri za omwalira,
tsamba limodzilimodzi, magetsi akalola.

M'thumba la jekete munali mphatso ya ku Joni,
hadi diraivi yopyapyala ngati sopo wakutha.
Mphwanga Yolamu analemba pabokosi:
"Ankolo, umu angalowemo Blantyre yense."

Asiyatu, pa kashopu kake kuseri kwa msika,
anamasula masikuluwu awiri, enawo anasowa kalekale,
nauzira.
Fumbi la ku Soche linadzuka,
ndi mphemvu youma yomwe inafera pantchito.
Anazula lamba wotuwa, wotambalala,
nandionetsa m'kamwa mwa diraivi yakale.
"Werengani mano, bambo."
Ndinawerenga kawiri, chala chikunjenjemera:
makumi anayi kuchotsa limodzi.
"Linaguluka?"
"Ayi, inabadwa choncho."

Ya Yolamu ilibe mano n'komwe.
Kakamwa kokhota, kamanyazi,
kofuna kachingwe kofiira
komwe bolodi yanga sinakaonepo chibadwire.

"Kankhani pang'ono," ndinatero, "mwina ilowa."
Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi:
"Si thumba la makala ili."

Ndinakhala pa kireti ya zakumwa.
Panja wina ankakuwa mtengo wa kaunjika.
Ndinaganiza za zidzukulu zanga
zimene zimandiyankha ndi zala pafoni,
ine n'kumangogwedeza mutu ngati ndamva.

"Koma ankhoswe alipo," anatero Asiyatu.
Anaimba ku Ginnery Corner, kulibe.
Anaimba ku Ndirande, kwa wina Mbwana,
amene anati dikirani ndifukule.
Dzuwa litapendeka kanafika pa kabaza,
kabolodi kobiriwira, kochepa ngati bokosi la machesi,
mbali ino kakulankhula chakale,
mbali inayo cha lero.
Mtengo wake ndinameza malovu.
Nkhoswe yaulere inatha.

Ndi kambaniro anasuntha kachipewa kakuda,
kakang'ono ngati nsabwe,
kamene kamagamula wamkulu ndani pa lamba mmodzi,
wamng'ono ndani.
Akalimbirana, onse amakhala chete,
sikirini n'kuda bii.

Anadina. Fani inalira ngati chigayo cha patali.
Biii.
Zilembo zoyera zinatuluka chimodzichimodzi,
ndipo dzina la mlendo linaoneka, lachiwiri pamzere.
Ndinatsala pang'ono kuwomba m'manja.

"Taimani," anatero, naloza manambala.
"Nyumbayi ili ndi zipinda chikwi.
Nkhalamba yanu yaona zana ndi makumi atatu ndi zisanu ndi ziwiri.
Maso ake athera pomwepo."
Zotsalazo?
"Zilipo, koma kwa iyo ndi mdima."

Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira.
Nanenso m'tauni muno
ndimadziwa njira za kale zokha,
nyumba zazitali ndimangozilambalala.

Mafayilo anayamba kusamuka ngati linthumbu,
mayina akudutsa pasikirini:
ukwati wa a Likoswe,
kalata ya Eneless yopita ku fakitale,
mbiri ya make ana, masamba atatu,
imene ndinalemba usiku wa maliro.
Imeneyo itangowoloka
magetsi anathima.

Tinakhala mu mdima wa masana,
Asiyatu akusenda nthochi, ine ndikuwerenga zotsala m'thumba.
"Yolamu mukamuuza chiyani?"
Ndikamuuza kuti Blantyre yense sanalowe,
walowa Zingwangwa yekha,
ndipo malo atsala.

Magetsi atabwera tinayambiranso.
Potseka anapeza sikuluwu imodzi yopanda kwawo,
naiika m'dzanja langa pamodzi ndi diraivi yakale.
"Musaitaye."
Inali idakali yofunda,
yolemera kuposa momwe ndinkaganizira.